Akulonjerera ngongole imene simunakongole

Tsiku lina mu February 2015, mayi wina wa m'chigawo cha Rhode Island ku America anapeza uthenga pafoni yake. Anali mawu a mwamuna wolankhula mwaulamuliro ngati wa kukhothi, ndipo ankanena kuti bambo wa m'nyumbamo ali pa mlandu. Bamboyo atamva, anaimba nambala imene inasiyidwa. Anamuuza kuti ali ndi ngongole ya madola 700 ya katapila wa pa intaneti, ndipo alipire zinthu zisanafike poipa. Iye ankadziwa bwino lomwe kuti alibe ngongole ndi munthu, choncho anakana. Apo m'pamene woimbayo anasintha mawanga. Anayamba kulalata ndi kutukwana, mpaka kuopseza kuti abwera kudzagwirira mkazi wake.

Zikafika pamenepa ambiri amalipira kuti apeze mtendere, ena amangosintha nambala. Bambo ameneyu, yemwe ntchito yake inali yotsatsa malonda, anachita zina. Anayamba kuimbira olonjerera ngongole mmodzimmodzi, ena kuwanyengerera, ena kuwapanikiza, n'kumafunsa funso limodzi lokha: dzina langa munaligula kwa ndani? Aliyense ankaloza amene anamugulitsa. Ulendowo unamutengera pafupifupi zaka 2, ndipo magazini ya Bloomberg Businessweek inalemba nkhani yake mu December 2017. Kumapeto kwa mzere wonsewo kunali munthu wabizinesi wa ku Kansas City, dzina lake Joel Tucker.

Ku America ngongole ndi katundu wogulitsidwa pamsika. Banki kapena kampani ikatopa kulonjerera anthu osabweza, imasonkhanitsa mayina awo pa mndandanda wa pakompyuta n'kugulitsa kwa makampani ena pamtengo wozizira. Kafukufuku amene bungwe la boma loteteza ogula la Federal Trade Commission, mwachidule FTC, linatulutsa mu 2013 anapeza kuti ogulawo ankalipira pafupifupi masenti 4 pa dola iliyonse. Ngongole ya madola 100 ankaigula madola 4, ndipo chilichonse chimene angafinye kwa wokongolayo kuposa pamenepo chinali phindu lawo. Wogulayo akafinya n'kutopa amagulitsanso kwa wina, winayo kwa winanso. Kawirikawiri chimene chimayenda m'manja onsewo ndi mndandanda wokha, mapepala amene wokongola anasaina osatsagana nawo.

Tucker anaona mpata pamenepo. Anali ndi kampani yotchedwa eData imene inkalandira mafomu a anthu ofuna ngongole zamsangamsanga za pa intaneti, zija munthu amatenga kuti angofika kumapeto kwa mwezi. Pa fomu yotere munthu amalemba zonse: dzina, kumene akukhala, nambala ya chiphaso cha boma, akaunti ya kubanki, kumene amagwira ntchito. Tucker ankatenga zinthu zoona zimenezi n'kumatapo ngongole zopeka. Ena mwa anthuwo anangofunsira ngongole koma osapatsidwa, ena anali atabweza kalekale. Ngongole zina anazilemba m'dzina la Castle Peak, kampani imene kunalibe n'komwe. Zina anazilemba m'dzina la 500FastCash, kampani yokhudzana ndi mchimwene wake Scott Tucker, yemwenso mu 2018 anagamulidwa kukakhala kundende zaka zoposa 16 pa milandu ya katapila. Mindandandayo ankaigulitsa, ndipo ogulawo ankayamba kuimba mafoni. Mu 2017 khothi linalamula Joel Tucker kulipira madola oposa 4 miliyoni pa mlandu umene FTC inamusumira. Mu 2020 anavomera milandu yake, ndipo mu July 2021 anamugamula zaka 12 ndi theka. Boma linati pa chinyengochi anapeza madola 7.3 miliyoni.

Chimene chimandivutitsa kwambiri pa nkhaniyi n'chakuti woimbiridwayo ankamva dzina lake lonse, dzina la kampani imene amagwirako ntchito, nambala zomaliza za akaunti yake, zonsezo zolondola. Tonsefe tinazolowera kuganiza kuti munthu wodziwa zambiri za ife ndiye kuti ndi wa ku ofesi yeniyeni. Maganizo amenewo anali ndi nzeru masiku amene mafayilo ankakhala m'kabati yokiyidwa, kiyi ali m'thumba mwa kalaliki mmodzi. Lero zimene munalemba pa fomu imodzi zikhoza kukhala m'makompyuta a anthu amene simudzawaona moyo wanu wonse. Kathyali amanena zinthu zoona zingapo motsatizana n'cholinga choti bodza limodzi limene wabwerera mulimeze osalitafuna.

Ena safuna n'kuvutika komwe ndi kupeka mindandanda. Mu 2012 FTC inasumira kampani ya ku California yotchedwa Broadway Global Master. Mafoni ake ankachokera ku India, ndipo oimbawo ankadzitchula mayina monga Officer Mike Johnson, n'kumanamizira kukhala apolisi kapena a nthambi za boma zimene kulibe. FTC inati anaimba mafoni oposa 2.7 miliyoni ku manambala osachepera 600,000, n'kutolera madola oposa 5.2 miliyoni pasanathe zaka 2. Mu October 2016 apolisi a ku Thane, pafupi ndi Mumbai, anachita chipikisheni m'nyumba zosanja momwe achinyamata mazanamazana ankakhala usiku wonse pamafoni, kumanamizira kuti ndi otolera msonkho a boma la America n'kumauza anthu kuti ali ndi ngongole ya msonkho, apolisi ali m'njira. Manambala a FTC aja akusonyeza mmene bizinesiyi imayendera. Safuna kuti aliyense akhulupirire. Anthu 99 akadula foni, wa 100 akachita mantha, tsiku lawo latheka.

Funso ndi lakuti wa 100 uja amalipiriranji ngongole imene sanatenge. Ambiri amathamangira kunena kuti ndi umbuli, koma ine sindivomereza. Amene amagwa kwambiri ndi munthu amene ali kale ndi ngongole zingapo zenizeni. Anatengako kubanki, ali ndi ina ku bungwe la ngongole zing'onozing'ono, ina ku banki mkhonde, ina kwa wakatapila, ndipo anasainirapo mnzake ngati mboni zaka zapitazo. Foni ikalira n'kumva mawu akuti ngongole, mtima wake wavomera kale mlandu asanamve kuti ndi iti. Pamwamba pa mantha pali manyazi. Munthu wangongole safuna kuti mkazi wake, abwana ake kapena a kumpingo adziwe, choncho safunsa nzeru kwa wina aliyense. Kathyali amadziwa kuti akakusiyani nokha ndi manyazi anu, theka la ntchito mumugwirira nokha.

Kuno kwathu nthaka yake ndi yachonde. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba mu 2013, ndipo lero ndalama imachoka ku Nsanje n'kufika ku Chitipa munthu asanatsitse foni pakhutu. Ngongole nazo zinalowa m'foni, monga ya Kutchova, moti kukongola sikufunanso kukwera minibasi. Uthenga uja wakuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" palibe amene sanaulandirepo. Ena anaimbiridwapo kuti apata mphoto, ena kuti dzina lawo latuluka pa Mtukula Pakhomo koma atumize kaye kangachepe. Apolisi ndi akuluakulu a ndende akhala akunena kuti ambiri mwa mafoni otere amachokera m'ndende, makamaka ya Zomba, ndipo pa zipikisheni amalanda mafoni ndi masimu khadi ambirimbiri. Kalembera wa masimu khadi wa mu 2018, amene analumikiza nambala ndi chiphaso cha unzika, sanathetse vutoli, chifukwa akathyali amalembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena. Munthu amene amatha kunamizira kukhala wa ku ofesi ya mphoto savutika kunamizira kukhala wa ku ofesi ya maloya. Kusiyana kwake n'kwakuti wa mphoto amakola aumbombo ndi osowa, pamene wa ngongole amakola anthu aulemu wawo, oopa kuchita manyazi pagulu.

Taganizirani mphunzitsi wa kupulayimale, mwezi uli pa 20, nthawi ya buleki. Foni ikulira, nambala yachilendo.

"Ndikulankhula ndi amadamu? Pepani kukusokonezani pantchito. Ndine wa ku ofesi ya maloya ku Blantyre. Fayilo yanu ili patebulo panga pano."

"Fayilo yanji, bambo?"

"Ya ngongole ija. Mwakhala mukulemberedwa makalata koma simuyankha. Masherifu anyamuka kale, afika pasukulupo masana ano, akaonana kaye ndi a hedi. Ineyo ndangomva chisoni poona kuti ndinu mayi, mphunzitsinso. Mukatumiza K85,000 isanakwane 2 koloko ndiwaimbira abwerere. Musadule foni, amayi, mukadula ndiye kuti mwakana, fayilo ipita kupolisi."

Tamvetserani bwino mawu amenewa. Sanatchule kampani imene inabwereketsa. Wangoti "ngongole ija", n'kudikira kuti mayiyo aitchule yekha, ndipo ambiri amaterodi: "Mukunena ya ku banki ija?" Basi, kathyali wapatsidwa dzina limene analibe. Watchula a hedi chifukwa akudziwa pamene pali bala. Wadzisandutsa wachifundo, mpulumutsi amene akutchinga mayiyo kwa anzake ankhanza. Waika ola. Ndipo waletsa kudula foni, chifukwa chimene amaopa kuposa apolisi ndi mphindi 10 zoti mayiyo akhale pansi m'sitafu rumu n'kufunsa mnzake kuti, "Aphunzitsi, zoterezi zimachitika?" Ena amamuperekeza munthu pafoni mpaka pa kanyumba ka ejenti, n'kumamuuza kuti asauze ejentiyo chifukwa chimene akutumizira.

Bodza lalikulu pa zonsezi ndi la kumangidwa. Gawo 19 la Malamulo oyendetsera dziko la Malawi limanena momveka kuti munthu sayenera kuikidwa m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa zimene anagwirizana ndi mnzake pa mgwirizano. Kulephera kubweza ngongole si mlandu wa kupolisi, ndi nkhani ya pakati pa anthu awiri imene imapita kukhothi. Pangano la mayiko onse la ufulu wa anthu pa zandale ndi zaunzika limanenanso zomwezo pa gawo 11. Pali zinthu ziwiri zimene sitiyenera kuzisakaniza ndi zimenezi. Amene anatenga ndalama mwachinyengo, monga ndi zikalata zabodza, ameneyo wapalamula mlandu ndithu. Amenenso wanyozera lamulo la khothi akhoza kuona zakuda. Koma zonsezo zimayenda ndi mapepala. Chisamani chimabwera cholembedwa, chili ndi dzina la khothi, nambala ya mlandu ndi chidindo, ndipo munthu akhoza kupita yekha ku khothilo kukafunsa kwa kalaliki ngati mlanduwo ulipodi. Masherifu enieni amagwira ntchito pansi pa khothi ndipo amabwera ndi chikalata cha khothi m'manja. Sabwezedwa panjira ndi ndalama yotumizidwa pa nambala ya munthu. Wapolisi amene akuitanitsa ngongole pafoni n'kupereka nambala ya Mpamba, kaya ndi wabodza kaya ndi weniweni, akuchita zosemphana ndi ntchito ya polisi.

Ndiye foni yotere ikabwera, choyamba ndi kusayankha mafunso koma kufunsa anu. Dzina lanu ndani, ofesi yanu ili pati, ndinakongola kwa yani, liti, zingati, ndabweza zingati, zatsala zingati? Ngakhale mwini golosale wa pamudzi ali ndi kabuku kamene amalembamo kuti pa 3 munatenga sopo ndi shuga, ndipo mukatsutsa amakutsegulirani tsamba. Kampani yobwereketsa ndalama singalephere kutulutsa sitetimenti. Wolonjerera weniweni mafunso amenewa samukwiyitsa, ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Wabodza amazemba, amakalipa, kapena amakubwezerani funso: "Tatsimikizani kaye nambala ya chiphaso chanu ndi tsiku lobadwa." Pamenepo musatsimikize kanthu, ngakhale kumuwongolera pamene walakwitsa. Akatchula mudzi wolakwika, usiyeni ukhale wolakwika. Chilichonse chimene mwamukonzera chilowa m'kabuku kake, ndipo amene adzaimbe mwezi wamawa adzakhala wodziwa zambiri kuposa uyu.

Ku America zoti wolonjerera azifotokoza za ngongole polemba anazilemba m'lamulo kalekale, mu 1977. Wolonjerera ngongole ayenera kutumiza kalata pasanathe masiku 5 chiyankhulireni nanu koyamba, yonena kuchuluka kwa ngongole ndi mwini wake, ndipo wokongola ali ndi masiku 30 oti atsutse. Saloledwa kuimba isanakwane 8 koloko m'mawa kapena itadutsa 9 koloko usiku, saloledwa kuopseza kuti mumangidwa, saloledwanso kufalitsa ngongole yanu kwa anansi ndi akuntchito. Lamulo limenelo silifika kuno, koma muyeso wake ndi wabwino kulikonse: ngongole yeniyeni imalembedwa, ndipo imakhalapobe mawa. Palibe ngongole imene imatha mphamvu 2 koloko masana.

Mukafunsa mafunso aja, dulani foni. Kudula foni si mwano ndipo si kuvomera mlandu. Kenako fufuzani nokha, koma osati pa nambala imene wakupatsani woimbayo, chifukwa kumeneko kuyankha mnzake amene wakhala naye pa benchi imodzi. Nambala yooneka pafoni nayo si umboni. Pali njira zopangitsa kuti foni ioneke ngati ikuchokera ku banki kapena ku ofesi ya boma, ndipo chithunzi cha kampani pa WhatsApp aliyense akhoza kuchiika. Tengani pepala limene munasaina potenga ngongole muimbe nambala imene ili pamenepo, kapena pitani nokha ku nthambi ya bankiyo. Funsani ngati nkhani yanu anaipereka kwa maloya kapena kwa olonjerera, ndipo ngati anatero, ndi ati. Amene akukayika ngati dzina lake lili pa ngongole ina imene sakuidziwa akhoza kukafunsa ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, monga Credit Data, amene amagwira ntchito pansi pa lamulo la mu 2010. Kumeneko n'kofunika kupitako ndithu, chifukwa nthawi zina ngongoleyo imakhala yeniyeni koma anaitenga ndi munthu wina pogwiritsa ntchito chiphaso chanu.

Pali kamphindi kena kamene kapulumutsa anthu ambiri. Mukamatumiza ndalama pafoni, musanalowetse nambala yachinsinsi, pamatuluka dzina la wolandira. Liwerengeni. Ngati akuti ndi a ku banki koma pakutuluka dzina la munthu wamba, nkhani yatha. Mabanki ndi mabungwe obwereketsa amalandira ndalama pa akaunti kapena pa nambala ya bizinesi imene ili m'dzina lawo, ndipo amapereka lisiti. Nambala yachinsinsi, kapena manambala aja amabwera pa uthenga kuti mutsimikize chinthu, palibe wa banki, wa kampani ya mafoni kapena wa khothi amene ali ndi chifukwa chowafunsira. Amene akuwafuna sakufuna K85,000 yokha, akufuna zonse zimene zili m'fonimo ndi kubanki komwe.

Ena amaganiza kuti bola kutumiza kangachepe kuti munthuyo asiye kuvutitsa. Nzeru imeneyi ndi imene imaluzitsa kwambiri. Nyani akalawa chimanga m'munda mwanu sabwera yekha mawa. Amene walipira kamodzi dzina lake limapita pa mndandanda wa olipira, ndipo mndandanda umenewo ndi wodula kuposa wina uliwonse pakati pa akathyali. Sabata yamawa adzati panatsala chiwongola dzanja, kenako ndalama ya loya, kenako ya mafuta a masherifu amene anabwerera panjira.

Foni yoipitsitsa ndi imene imabwera maliro atangochitika. Uthenga wa maliro timaulengeza pa wailesi, pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, muli dzina la malemu, kumene ankagwira ntchito, mudzi, ngakhale nambala yotumizirapo chipepeso. Kathyali safuna zoposa pamenepo. Amaimbira mayi wamasiye kuti amuna anu anasiya ngongole, mukapanda kulipira penshoni yawo siituluka. Mayiyo sangafunse malemu, ndipo safuna kuti dzina la mwamuna wake lidetsedwe manda asanaume. Makolo athu anaiganizira kale nkhani imeneyi. Pamaliro, woyankhulira banja amalengeza kuti amene ali ndi ngongole ndi malemu, kaya ndi wokongoza kaya ndi wokongola, abwere adzaonane ndi akubanja. Amabwera ndi nkhope yake, pamaso pa mwinimbumba ndi mboni. Yankho loyenera kwa woimba foni ndi lomwelo: bwerani mudzaonane ndi akubanja, mutenge mapepala. Malamulo nawo amati ngongole ya malemu imalipidwa kuchokera pa chuma chimene wasiya, kudzera mwa amene apatsidwa mphamvu yoyang'anira chumacho. Siisamukira m'thumba mwa mkazi kapena mwana, pokhapokha ngati iwo anasaina nawo.

Abale athu amene ali kunja ali ndi bala lina lowonjezera, la mapepala okhalira m'dziko. Munthu amene chitupa chake chili ndi vuto, akangomva mawu akuti polisi kapena khothi, amalipira osafunsa. Ku South Africa, wolonjerera ngongole za ena ngati bizinesi, kupatula maloya, ayenera kulembetsa ku Council for Debt Collectors malinga ndi lamulo la mu 1998, ndipo munthu akhoza kufufuza ngati dzina lake lilipo. Khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linathetsa mu 1995 zomanga anthu chifukwa cholephera kulipira ngongole. Kumeneko ngongole zambiri, monga za m'masitolo a zovala, zimafa pakatha zaka 3 ngati wokongola sanalipireko, sanavomere, ndipo sanalandire chisamani. N'chifukwa chake woimba amalimbikira kuti "ingolipirani R50 yokha", kapena kuti mungovomera pafoni, podziwa kuti zimenezo zikhoza kusokoneza kawerengedwe ka zaka zija. Ku Britain ambiri amaimbiridwa ndi makina onena kuti HMRC, ofesi ya msonkho, yawatsegulira mlandu ndipo adine 1. Ofesi imeneyo siopseza anthu ndi kumangidwa pa uthenga wa pafoni. Amene wakayika foni yonena za banki akhoza kudula n'kuimba 159, nambala imene imalumikiza munthu ndi banki yake yeniyeni, ndipo mauthenga achinyengo amatumizidwa ku 7726.

Sindingamalize mlandu wonse pa akathyali okha. Obwereketsa enieni ena ndi amene anawalimira munda. Wokongoza akamatuma anyamata olalata, kuimba usiku, kuopseza ndi apolisi, kuuza anansi, amaphunzitsa anthu kuti kulonjerera ngongole kumamveka choncho, moti wabodza akabwera ndi mawu omwewo palibe chodabwitsa. Ku Kenya makampani obwereketsa pafoni anafika potenga manambala onse a m'foni ya wokongola n'kumatumizira abale ndi abwana ake mauthenga omuchititsa manyazi, mpaka banki yaikulu ya dzikolo inakhazikitsa malamulo owalamulira mu 2022. Mu 2023 Google inaletsa mapulogalamu a ngongole kuona manambala ndi zithunzi za m'foni za anthu. Kuno, wobwereketsa wovomerezeka akachita nkhanza, dandaulo limapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank of Malawi. Kukhala ndi ngongole sikuchotsa ufulu wa munthu woyankhulidwa mwaulemu.

Palinso nkhani ya mafotokope a ziphaso. Chiyambireni kalembera wa unzika mu 2017, chiphaso chimafunidwa paliponse, ndipo timasiya fotokope yake pofunsira ntchito, polembetsa simu khadi, potenga ngongole, polandira thandizo. Mapepala amenewo amathera kuti? Ena amakhala m'katoni pansi pa tebulo, ena amatayidwa osang'ambidwa, ena amajambulidwa ndi foni ya wantchito wosakhulupirika. Nkhani ya Tucker inayambira pa mafomu oona amene anthu anadzaza ndi mtima umodzi. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024, ndipo ntchito yoliyang'anira inapatsidwa ku bungwe la MACRA. Lamulolo lidzakhala ndi tanthauzo tsiku limene ofesi yotayirira mafomu a anthu idzayankhe mlandu poyera. Pakadali pano, n'kwanzeru kulemba pa fotokope iliyonse tsiku ndi chifukwa chimene mwaiperekera, modutsa pa chithunzi cha chiphasocho, kuti isakagwire ntchito ina kwina.

Nanga amene watumiza kale? Mphindi zoyamba ndi zimene zili ndi mwayi. Imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo, muwapatse nambala ya chiphaso cha ndalamayo imene ili pa uthenga wotsimikiza, kuti ngati ndalama sinatapidwe aitseke. Akathyali amatapa kapena kuisamutsa msanga, choncho kudikira kuti kuche n'kuwapatsa mphatso. Musafufute uthenga uliwonse kapena nambala imene inaimba. Ngati munatchula nambala yachinsinsi, isintheni pompo, ndipo foni ikangosiya kugwira netiweki mosadziwika bwino, thamangirani ku ofesi ya kampaniyo chifukwa mwina wina watulutsa simu khadi ina pa nambala yanu. Kanenenso kupolisi, ngakhale mutaona ngati ndalamayo siibwera. Kutenga ndalama mwachinyengo ndi mlandu, ndipo lamulo la mu 2016 loona za malonda ndi chitetezo cha pa intaneti linawonjezera mphamvu pa milandu ya pafoni. Nambala imodzi ikadandaulidwa ndi anthu ambiri m'pamene imatsekedwa. Uzaninso a m'nyumba mwanu ndi a kuntchito, chifukwa woimbayo akhoza kuwaimbiranso iwo m'dzina lanu. Ndipo ife omva tisamuseke munthu wotere. Kuseka kwathu ndi kumene kumachititsa kuti wotsatira abise, ndipo kubisako n'kumene akathyali amadyerapo.

Pakapita masiku angapo, kawirikawiri pamabwera foni ina. Woimbayo amadzitchula wapolisi wofufuza milandu ya pafoni, kapena wa ku kampani ya mafoni, ndipo amanena nkhani yabwino: mbava ija yagwidwa, ndalama zanu zapezeka. Amadziwa tsiku limene munaberedwa ndi kuchuluka kwa ndalamazo mpaka tambala womaliza. Chatsala, akutero, n'kuti mutumize kangachepe kotsegulira fayilo, kapena mumuwerengere manambala amene abwere pafoni yanu posachedwapa. Amadziwa zonsezo chifukwa ndi gulu lomwelija, kapena wagula dzina lanu kwa iwo. Ndalama yopezeka pa mlandu mwini wake amakailandira kupolisi kapena kukhothi, atasaina, ndipo salipira kanthu kuti aibwezeredwe.